Kodi kunena kuti "sindikudziwa" ndi mlandu?

Mwana wa mlongo wanga anabwera ndi kope lake madzulo ena, nkhope ili ndwii. Samu yake inali 3 kugawa ndi 1/2. Yankho analipeza, 6, ndipo aphunzitsi anamuchongera. Chomwe chinamusowetsa mtendere n'chakuti chinthu ukachigawa chimachepa, nanga apa 3 wakula bwanji mpaka kufika 6? Atafunsa m'kalasi anangouzidwa kuti, "Tembenuza, chulukitsa, lamulo lake ndi lomwelo."

Abale anzanga, mwanayu anatokosa chilonda chakale. Funso lomweli ndinalifunsa ine ndili Sitandade 7 m'zaka za m'ma 1980, ndipo yankho lake linali zikoti zitatu, ati ndaderera aphunzitsi. Kuyambira tsikulo masamu ndinadana nawo. Mayeso ndinkakhoza ndithu, koma poloweza ngati nyimbo ya chilankhulo chachilendo.

Chikhalirecho nkhani yake ndi yapafupi. Tengani nzimbe zitatu, muzidule pakati kuti munthu aliyense alandire theka. Alandira anthu angati? Asanu ndi mmodzi. Samuyo ikungofunsa kuti matheka alimo angati, basi. Mayi aliyense wogulitsa nzimbe pamsika wa Ndirande amazidziwa izi popanda choko.

Aphunzitsi anga aja sanali munthu woipa ayi. Ndikuganiza kuti nawonso anangoloweza, ndipo dziko linawaphunzitsa kuti munthu wamkulu sanena kuti sakudziwa. Tinakulira pa ngodya zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ngodya yofunsa mafunso panalibe. Mwana akafunsa unali mwano, wamkulu akafunsa ankatha kukagona ku Mikuyu. Pa 14 June 1993 tinasankha nyali n'kukana tambala wakuda, koma khalidwe lija silinatuluke nawo m'kalasi. Mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anangosulidwa masabata ochepa. Munthu wotere, atayima pamaso pa ana zana limodzi, chishango chake chingakhale chiyani ngati si mawu akuti "lamulo lake ndi lomwelo"?

Tsono tamvani izi. Mwezi womwewo wa riferendamu, June 1993, katswiri wa masamu Andrew Wiles analengeza ku Cambridge kuti wamasula samu ya Fermat imene inakanika akatswiri kwa zaka zoposa 350. Anaigwirira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri. Manyuzipepala a dziko lonse lapansi anamutamanda. Koma anzake atayamba kuunika ntchitoyo mzere ndi mzere, anapeza kuti penapake pali mpata. Wiles sananene kuti akumuchitira nsanje. Mu December chaka chomwecho anavomera poyera kuti ntchitoyo sinathe, nabwerera pa tebulo mothandizana ndi Richard Taylor amene kale anali wophunzira wake. Mpatawo anautseka mu September 1994. Taganizani, pulofesa kupempha nzeru kwa mwana wa sukulu wake!

Pano ndisangoloza chala aphunzitsi okha. Ena a ife tinavala majekete m'tauni muno, ena munabwera kuchokera ku Lusaka, Dar es Salaam ndi London ndi madigiri m'chikwama. Pa msonkhano ndi angati mwa ife amene anayamba aimirira n'kunena kuti, "Pamenepo ndinalakwitsa"? Timayankha chilichonse, kaya ndi za chuma, kaya za malamulo, mokweza mawu ngati aphunzitsi anga aja, chikoti chokha ndicho tilibe.

Nditamufotokozera za nzimbe, mnyamata uja anaseka, kenaka anafunsa chifukwa chake saloledwa kugawa ndi 0. Lilime linafuna kuthamangira ku "lamulo lake ndi lomwelo," koma ndinadzigwira. Ndinamuuza kuti sindikudziwa.

"Inuyo amalume?" anatero akundiyang'ana modabwa.

Ndinamutuma akatenge nzimbe zina zitatu kukhitchini, tiyesere limodzi.