Kuseri kwa kalulu kuli chiyani?

Kwathu kalulu timam'dziwa m'nthano. Kuno ku Norfolk, kum'mawa kwa England, alimi amam'dziwira pa mbewu zodyedwa. Tirigu akangomera, m'mphepete mwa munda mumaoneka ngati mwadutsa lumo, mauna ali mbwee pansi pa zitsamba. Nkhaniyi inafika mpaka m'malamulo. Pests Act ya 1954 imalamula mwini malo kuchepetsa akalulu pamalo pake, kapena kuwatchinga kuti asakawononge kwa mnansi. Choncho maso a achikulire amene ankagwira ntchitoyi pa famu yathu atayamba kuchita chidima, mwini famu anandipempha kuti ndikafunsire chiphaso cha mfuti.

Ndinadikira miyezi ingapo. Ambiri amadandaula ndi kudikira kumeneku, koma ine ndikuti n'koyenera, ndipo ndikufuna ndinene chifukwa chake.

Lamulo la Firearms Act la 1968 silipatsa munthu mfuti chifukwa choti waikhumba. Uyenera kuonetsa chifukwa chomveka, ndipo kuopa akuba sikuwerengedwa. Changa chinali kalata ya mwini famu yondilola kuwombera akalulu m'minda yake. Pamafunikanso anthu awiri, osakhala abale ako, amene akudziwa kwa zaka zosachepera ziwiri, oti akuikire umboni. Dokotala naye amalemba za thanzi lako, la m'thupi ndi la m'maganizo lomwe. Chiphaso chikatuluka chimagwira ntchito zaka 5, ndipo pamalembedwa mtundu wa mfuti, nambala yake ndi kuchuluka kwa zipolopolo zomwe ungasunge.

Malamulowa anakhwima chifukwa cha maliro. Mu 1996 ku Dunblane, ku Scotland, munthu yemwe anali ndi chiphaso anapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pasukulu, ndipo chaka chotsatira mfuti zing'onozing'ono za m'manja zinaletsedwa. Mu Ogasiti 2021 ku Plymouth, wina anapha anthu asanu ndi mfuti yomwe analoledwa kusunga. Kuyambira Novembala chaka chomwecho, palibe amalandira chiphaso apolisi asanaone kalata ya dokotala. Ukakumbukira ana amenewo, miyezi yodikira imachepa.

Tsiku lomwe wa ku ofesi ya mfuti anabwera kunyumba, anayamba ndi kabati yachitsulo yomwe ndinakhomera kukhoma. Anaigwira ndi manja awiri n'kuigwedeza mwamphamvu kuti aone ngati mabawuti agwiradi. Kenaka anafunsa kuti, "Mayi akunyumba akudziwa pamene mudzaike makiyi?" Ndinati ayi, pakuti wopanda chiphaso sayenera kuifikira mfuti, ngakhale akhale mkazi wako. Titapita kumunda anaima pakati pa tirigu n'kuloza kutsogolo. "Bambo, mukawombera apa n'kuphonya, chipolopolo chikagwera kuti?"

Funso limenelo ndi lomwe linandisankhira mfuti. Ongoyamba kumene amathamangira kufunsa kuti yamphamvu ndi iti. Achikulire aja anandikhazika pansi n'kunena kuti ndiyambe ndafunsa za chilombo, za mtunda, ndi za zomwe zili kuseri. Makoswe a m'nkhokwe safuna zambiri. Mfuti yampweya imakwanira pa mtunda wa mamita 30 kapena kucheperapo, ndipo ku England yofooka siifuna chiphaso, ngakhale kuti ku Scotland imafuna. Nkhandwe imafuna yaikulupo monga .223, kuti ife nthawi yomweyo osazunzika. Pa kalulu, ambiri amasankha pakati pa ziwiri. Ya .17 HMR, yomwe inatuluka mu 2002, imaponya kachipolopolo kopepuka kothamanga kwambiri, kofika bwino pa mamita 100, ndipo kakagunda chinthu cholimba nthawi zambiri kamasweka. Koma imasokosa, mphepo imakapatutsa, ndipo zipolopolo zake n'zodula. Ya .22 LR ndi yakale, yotsika mtengo, ndipo ukaika kachipangizo kochepetsa phokoso siidzutsa anthu. Vuto lake n'lakuti chipolopolo chake chimanjanja pamwala, ndipo chikapanda kugunda kanthu chimatha kuuluka mtunda woposa kilomita.

Norfolk ndi dziko lathyathyathya, ndipo nthaka yake ili ndi miyala yolimba. Minda yathu ilinso pafupi ndi nyumba za anthu. Ndinatenga .22 LR ya kampani ya CZ, yokoka ndi dzanja chipolopolo chimodzi chimodzi, ndi pangano loti ndiziwombera ndili pamwamba, mfuti italoza pansi pa dothi lofewa. Tinamanga nsanja. Nditakwerapo koyamba ndinakumbukira nsanja ya kumunda kwa agogo, pomwe tinkapirikitsira anyani ndi legeni. Kumeneko mwala unkagwa tikuuona. Chipolopolo sungachione, ndipo chikachoka sichiitanidwa.

Ndiponso mfuti siichotsa waya ntchito. Mpanda wa waya wokwiriridwa m'munsi mwake umapulumutsa tirigu wambiri usiku ndi usana, mlenje ali mtulo. Mfuti imangotsiriza pomwe waya walephera.

Madzulo ena a chilimwe ndinakhala pansanja mpaka dzuwa litapendeka. Kalulu wamkulu anatulukira pamwamba pa chitunda, n'kuima njo, makutu ali m'mwamba. Anali pafupi, ndipo ndinkamuona bwinobwino. Koma kuseri kwake kunali thambo lokhalokha, ndipo kutsidya kwa chitundacho kuli kanjira komwe anthu amayendetsako agalu awo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinachotsa chala, ndinadikira kuti atsikire kumunsi, koma iye analowa ku una.

Ndinatsika, n'kuchotsa zipolopolo, kunyumba n'kukakhoma kabati. Usiku umenewo kaluluyo anadya tirigu wa abwana, ndipo aliyense wa m'mudzimo anadzuka wamoyo.