Thandizo Lofuna Anansi Aŵiri

Pakati pa mzinda wa Copenhagen m'dziko la Denmark ndi chigawo cha Skåne m'dziko la Sweden pali kanyanja kopapatiza kotchedwa Øresund. Tsidya lino ndi tsidya lija kuli mafakitale opanga mankhwala, zipatala zazikulu, ndiponso sukulu za ukachenjede monga ya Lund. M'chaka cha 1997 eni ake a ntchitozi adakhazikitsa bungwe la Medicon Valley Academy, ndipo zina mwa ndalama zoyambira zidachokera ku thumba la Interreg, limene maiko a mgwirizano wa ku Ulaya adalitsegula mu 1990. Mlatho wolumikiza magombe aŵiriwo udatsegulidwa pambuyo pake, mu 2000.

Thumba limeneli lili ndi malamulo ake, ndipo loyamba ndi lanzeru. Gulu la mafakitale a dziko limodzi silingalandire kanthu palokha. Liyenera kubwera ndi anzake a kutsidya kwa malire, ndipo onse akonzere limodzi ntchitoyo, aigwirire limodzi, nagaŵananso antchito kapena ndalama. Pakadapanda lamuloli, ochenjera akadangobwereka dzina la mnansi polemba kalata yopempha, ndalama nkudyera kwao. Mutu umodzi susenza denga, komatu mutu wongolembedwa papepala susenzanso kanthu.

Lamulo lina ndilo lodandaulitsa. Thumbali sililipira mtengo wonse wa ntchito. M'zaka za 2021 mpaka 2027 kaŵirikaŵiri silipitirira 80 pa 100 iliyonse. Zimenezo nzomveka, pakuti munthu amasamala chimene waikapo thukuta lake. Chovuta nchakuti nthaŵi zambiri wopempha ayenera kuyamba wagwiritsa ndalama zake, kenaka asonyeze malisiti, adikire oŵerengera ndalama, ndipo pokhapo abwezeredwe. Kampani yaikulu ingadikire miyezi ingapo osamva kuŵaŵa. Nanga kafakitale ka antchito khumi, kamene malipiro a mwezi uno kakuwayembekezera kwa ogula a mwezi watha? Kotero iwo amene thandizo likadaŵapindulira koposa ndiwo amatsalira pakhomo. Nzoona kuti malamulo a 2021 adalola timatumba ta ntchito zing'onozing'ono, koma chofunika chenicheni nkupereka gawo la ndalama ntchito isanayambe.

Palinso nkhani ya malire enieniwo. Mabungwe a ku Norway ndi ku Switzerland amaloledwa kuloŵa m'ntchito zotere, koma gawo lao limalipidwa ndi maboma ao, chifukwa maikowo sali mumgwirizano. Dziko la Britain litatuluka mu 2020, ndondomeko imene inkathandiza ntchito za pakati pa kummwera kwa England ndi kumpoto kwa France sidapitirizidwe m'zaka zotsatira. Mafakitale a magombe aŵiriwo sadasunthe ngakhale phazi limodzi, koma amene dzulo anali oyenera kulandira adapezeka kuti sali oyeneranso.