Chiwongolero cha Setilaiti Chisaperekedwe kwa Mlendo

Masiku ano pabuka mchitidwe umene ambiri akuuthamangira mosaganiza bwino. Makampani ndi maboma amene ali ndi masetilaiti mumlengalenga akusamutsa ntchito za masiteshoni awo a pansi kuti zizichitikira mu "mtambo". Olimbikitsa zimenezi amati ndicho chitukuko, ndipo aliyense wokayika amamuyesa wotsalira. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Matope a mtambo umenewu ayenera kuonedwa msanga, anthu asanaterereke nawo.

Setilaiti payokha ilibe phindu ngati palibe woilankhula pansi pano. Ina imakhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, pamene ina imazungulira pafupi ndi dziko ndipo imadutsa pamwamba pa siteshoni kwa mphindi ngati 10 zokha. Siteshoni ya pansi imakhala ndi mbale yaikulu yoloza kumwamba, ndipo ntchito zake n'ziŵiri. Yoyamba ndiyo kulandira mauthenga ndi zithunzi zochokera kumwambako. Yachiŵiri ndiyo kutumiza malamulo ouza setilaitiyo kuti itembenuke, iyatse chipangizo china kapena ikonze njira yake. Kale maiko ankamanga masiteshoni awoawo olumikizirana ndi masetilaiti. Dziko la Kenya linatsegula yake ku Longonot mu 1970, ndipo la Zambia linatsegula ya Mwembeshi mu 1974.

Nanga mtambo n'chiyani? Dzinali n'lonyenga, pakuti limapangitsa munthu kuganiza za chinthu chopanda mwini choyandama m'mwamba. Kunena zoona, mtambo ndi makompyuta ambirimbiri osungidwa m'zinyumba za makampani monga Amazon, Microsoft ndi Google, amene ena amawachita lendi kudzera pa intaneti. Siteshoni ikasamukira kumeneko, mafunde amene mbale yalandira amasandutsidwa manambala n'kutumizidwa panthambo kumakompyuta aja. Ntchito imene inkagwiridwa ndi makina a pasiteshoni imayamba kugwiridwa ndi mapulogalamu okhala m'nyumba ya munthu wina, mwinanso m'dziko lina.

Ubwino wake ulipo ndithu, ndipo woukana ndi wabodza. Kuyambira mu 2019, kampani ya Amazon imabwereketsa mbale zake pansi pa dzina la AWS Ground Station, ndipo wobwereka amalipira mphindi zimene wagwiritsa ntchito basi. Yunivesite imene ili ndi kasetilaiti kamodzi sifunikanso kumanga siteshoni ya ndalama zankhaninkhani. Kusunga ndi kusanthula zithunzi za nyengo kapena za mbewu m'minda kumafulumiranso. Cholakwa chimabwera pamene anthu, pokopeka ndi kutchipa, apereka ntchito yachiŵiri ija, imene ili chiwongolero chenicheni cha setilaiti.

Choyamba, wochita lendi amagona tulo ta mantha, chifukwa mwini nyumba angasinthe maganizo nthaŵi ina iliyonse. Mu 2020 kampani ya Microsoft inalengeza ntchito yake ya masiteshoni yotchedwa Azure Orbital, ndipo ambiri anaiyamikira. Pofika kumapeto kwa 2024 ntchito yobwereketsa mbaleyo inali itathetsedwa. Setilaiti yaikulu imapangidwa kuti igwire ntchito zaka 15 kapena kuposerapo. Kodi n'nzeru kuimangirira pa malonda amene angathe pakangopita zaka zinayi?

Chachiŵiri, mtambo umadalira magetsi, nthambo ndi mapulogalamu, ndipo zonsezi zimalephera. Pa 20 Okutobala 2025 makompyuta a Amazon a ku Virginia, m'dziko la America, anasokonekera, ndipo ntchito zambiri za pa intaneti zinaima kwa maola angapo m'maiko osiyanasiyana. Mu Meyi 2024 nthambo ziŵiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zinaduka, ndipo intaneti inavuta ku Tanzania, Kenya, Mozambique ndi Malaŵi. Pamavuto otere ndi pamene setilaiti imasanduka mpulumutsi. Phiri litaphulika ku Tonga mu Januwale 2022, nthambo ya dzikolo inaduka kwa milungu isanu, ndipo anthu anadalira masetilaiti kuti alankhule ndi akunja. Tsono ngati ubongo wa siteshoni uli kutsidya kwa nthambo yomwe yadukayo, wopulumutsa ndi wopulumutsidwa amamira m'bwato limodzi.

Chachitatu, kompyuta iliyonse imamvera malamulo a boma linalake. Mu 2018 dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa CLOUD Act, lopatsa boma mphamvu yolamula makampani a m'dzikolo kupereka zimene akusunga ngakhale zitakhala m'makompyuta a kunja. Dziko limene laika chiwongolero cha setilaiti yake m'manja mwa kampani yachilendo laika mbali ina ya ufulu wake pansi pa makhoti amene nzika zake zilibe nawo mawu.

Ena amayankha kuti makampani aakuluwo ali ndi akatswiri oteteza makompyuta kuposa siteshoni ina iliyonse. Zimenezo n'zoona, komabe ngozi imakula pamene zambiri zaunjikidwa pamalo amodzi. Pa 24 Febuluwale 2022, tsiku limene Russia inaloŵa m'dziko la Ukraine, adani anathyola makompyuta a pansi a setilaiti ya KA-SAT n'kuwononga zipangizo zolandirira intaneti zikwizikwi. Ngakhale ku Germany, makina opangira magetsi ndi mphepo okwana 5,800 analeka kuyang'aniridwa ali patali. Makompyutawo sanali mu mtambo, koma phunziro lake n'loonekeratu: mdani sakwera kumwamba, amadzera pansi. Masetilaiti ambiri akamadzera pakhomo limodzi, wothyola khomolo amawapeza onse.

Palinso chinthu china chimene chimatayika mwakachetechete, ndicho luso. Siteshoni ikatsekedwa, mainjiniya ake amabalalika, ndipo achinyamata amasoŵa kophunzirira. Tsiku limene mtengo wa lendi udzakwere, sipadzapezeka wodziŵa kubwezeretsa zinthu m'malo mwake, ndipo wobwereka adzangolipira mwakachetechete.

Choncho chofunika ndicho kugaŵa ntchito mwanzeru. Zithunzi ndi mauthenga wamba zipite kumtambo, pakuti kumeneko zimasamalidwa motchipa. Koma makiyi achinsinsi ndi mphamvu yolamula setilaiti zikhale m'manja mwa eni ake. Pakhale siteshoni imodzi yokha imene ingagwire ntchito intaneti itazima, ndipo iziyesedwa kaŵirikaŵiri. Mapangano alembedwe mwakuti wobwereka athe kusamukira kukampani ina popanda kutaya zake. Aphungu, mainjiniya ndi nduna zosaina mapangano otere azikumbukira kuti fodya wa munthu ndi amene ali pamphuno, pakuti wa pachala ngwa mphepo.