Nyimbo za mahala ziliko, koma yambani mwabelenga chilolezo

Mwakwela basi pa Great East Road, mwatsika pa Chinyunyu mu Rufunsa, mwajambula madzi otentha aja. Vidiyo yatuluka bwino. Manje mwaikapo nyimbo ya woimba wotchuka. YouTube yaizindikila na Content ID, ndalama za vidiyo zapita kuli mwine wa nyimbo, olo vidiyo yatsekedwa. Bundle na transipoti vyapita chabe.

Si nkhanza iyi, abale. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limateteza oimba na ojambula muno mu Zambia. Chithunzi chili pa Google chili na mwine wake.

Njila iliko. Kuchokela mu 2002, bungwe la Creative Commons lili na zilolezo zamene mwine wa nchito amanenelatu zimene walola. CC0, tengani chabe. CC BY, tengani koma lembani dzina lake. BY-SA, nchito yanu nayo muigabe na chilolezo chimodzimodzi. Mukaona NC, osagwilitsa nchito pa malonda: vidiyo yolengeza nkhuku zanu olo saluni yanu ni bizinesi iyo.

Zithunzi sakilani pa Wikimedia Commons, nyimbo pa YouTube Audio Library. Pansi pa vidiyo lembani mutu wa nchito, mwine wake, kumene mwaitenga na chilolezo chake. Sungani screenshot ya peji, ndiye umboni wanu.

Naimwe ikani zithunzi zanu za Chinyunyu na Mpanshya pa Commons na CC BY. Aliyense ozitenga afunika kulemba dzina lanu.