Mabotolo a zinki m'sutikesi: kodi kumudzi tikutumiza chiyani?

Loweruka lapitali ndinapita ku Govanhill kukatsanzikana ndi mayi ena a kumpingo kwathu amene akupita kumudzi kukaona makolo. Mukudziwa mmene zimakhalira kuno ku Glasgow munthu akangomveka kuti wagula tikiti, aliyense amatulukira ndi kaphukusi kake, ati mukandisiyireko kwa amayi ku Area 25. Sutikesi inali yasa pabalaza, ndipo pakati pa nsapato za ana ndi mafoni akale ndinawerenga mabotolo asanu a mapiritsi a zinki, ena a mamiligalamu 50 piritsi limodzi. Ndinafunsa kuti amenewa nga ndani. "Aaa achimwene, kumudzi anthu alibe zinki m'thupi, ndinamva pa WhatsApp. Azikamwa onse, limodzi m'mawa limodzi madzulo."

Theka la mawu awowo ndi loona ndithu. Theka linalo ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe.

Tiyambe ndi loonalo. Mu 2015 ndi 2016 boma la Malawi, mothandizana ndi bungwe la CDC la ku America, linayeza magazi a anthu m'dziko lonse pofuna kudziwa michere imene ikusowa m'matupi. Anapeza kuti anthu pakati pa 60 ndi 66 mwa 100 alionse, ana, amayi ndi abambo omwe, anali ndi zinki wochepa. M'zaka zomwezo ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Zinki ameneyu ndi yemwe uja amakutira malata kuti asachite dzimbiri, koma m'thupi amafunika pang'ono chabe, kuti mwana akule, chilonda chipole, ndiponso kuti thupi lizitha kulimbana ndi matenda. Thupi silimusunga ngati mmene timasungira chimanga m'nkhokwe, ayi. Amafunika kulowa tsiku ndi tsiku.

Nanga anthu odya nsima kawiri patsiku akusowa bwanji zinki, chikhalirecho m'chimanga alimo? Yankho lake linayambira kutali. Mu 1961 dokotala wina wobadwira ku India, Ananda Prasad, analemba za anyamata amene anawaona ku Shiraz m'dziko la Iran, a zaka za m'ma 20 koma msinkhu ngati wa mwana wa Sitandade 4, opanda ndi ndevu zomwe. Chakudya chawo chinali buledi wopanda yisiti, nyama osaiona, ena ankadya dothi. Atapita ku Egypt anatsimikiza mu 1963 kuti chosowa chinali zinki, ndipo anyamata amene anapatsidwa zinki anayamba kukula. Vuto ndi lakuti m'njere za tirigu, chimanga ndi nyemba muli chinthu chotchedwa phytate, chimene chimagwira zinki m'matumbo n'kutuluka naye kuchimbudzi thupi lisanamuyamwe. Mimba yakhuta, koma thupi langonunkhiza.

Kwathu nkhaniyi anaifufuza kwambiri mayi Rosalind Gibson ndi ophunzira awo, kuyambira ku Zomba m'ma 1980 mpaka ku Mangochi m'ma 1990, akuyeza zimene ana ndi amayi oyembekezera amadya. Mmodzi mwa iwo, Christine Hotz, anaonetsa mu 2001 kuti kuviika ufa m'madzi n'kukhetsa madziwo kumachotsa pafupifupi theka la phytate. Apa agogo athu anali patsogolo osadziwa: kuviika mphale, kumeretsa chimera cha thobwa, kusasitsa phala, zonsezi zimafooketsa phytate. Koma tisadzitame msanga. Pokonola, zinki wambiri amapita ndi madeya kukanenepetsa nkhumba. Mgaiwa uli ndi zinki wochulukirapo koma phytate ndi wambirinso, ufa woyera uli ndi zonse ziwiri zochepa. Ndiye mkangano uja wa mgaiwa ndi woyera, umene sutha ngakhale kuno tikakumana pa 6 July, sungathetse nkhani ya zinki. Nkhani ili m'mbale ya ndiwo: usipa ndi matemba odyera kumodzi ndi mutu ndi minga, nyama, chiwindi, mazira, ngumbi, mbewa kwa amene amadya. Zanyama zilibe phytate, ndipo zimathandiza thupi kuyamwa zinki wa m'nsima momwemo.

Tsono ganizani zimene zachitika kumudzi zaka zapitazi. Namondwe Freddy mu March 2023, kwacha kugwa ndi 44 peresenti mu November chaka chomwecho, chilala cha 2024 chimene chinachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti ali pangozi. Zinthu zikakwera mtengo, banja silisiya nsima. Limasiya usipa. Amadya nsima ndi chisoso kapena mpiru wamchere wokha, ndipo akamaimba foni amati tikudya ndithu, musadandaule.

Ndiye bwanji osangowatumizira mapiritsi? Apa ndi pamene mzinda umene tikukhalawu uli ndi chotiuza. Ku Glasgow Royal Infirmary, pafupi ndi Cathedral paja pali chipilala cha David Livingstone, kuli labotale imene imayeza michere yotereyi m'magazi ochokera m'zipatala za Scotland. Mu 2015 Andrew Duncan wa labotaleyi ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atawerenga mafayilo a odwala 70 amene madokotala a m'zipatala za Glasgow anawalembera zinki. Odwala 62 mwa 100 alionse anapatsidwa mlingo wokwanira kuthetsa kopa m'thupi. Kopa ndi mchere wina wofunika popanga magazi ndi kusunga mitsempha, ndipo zinki akachuluka amamutsekera khomo m'matumbo. Ena mwa odwalawo anayamba kuchepa magazi mosadziwika bwino, ena anayamba mavuto a mitsempha. Munthu amachita dzanzi m'miyendo, kuyenda modzandira, ndipo zikafika pamenepo nthawi zina sizibwereranso ngakhale atasiya mapiritsi.

Taganizani, amenewo ndi odwala okhala ndi dokotala, fayilo ndi labotale pakhomo. Nanga agogo a ku Ntchisi amene alandira botolo lolembedwa Chingerezi, ndi uthenga wakuti mankhwala a ku Ulaya awa, muzimwa kawiri patsiku? Miyendo ikayamba dzanzi, ndani adzaganize za botolo lija? Adzati ndi ukalamba, kapena shuga, kapena aloza munthu chala. A NHS amati mwamuna amafunika mamiligalamu 9.5 patsiku, mkazi 7, ndipo amachenjeza kuti tisapitirire 25 patsiku pa mapiritsi pokhapokha dokotala atanena. Malangizo a mayi athu aja anali 100 patsiku.

Labotale yomweyi inaonetsanso china mu 2012: munthu akamadwala, zinki amachoka m'magazi kukabisala kuchiwindi, ndiye poyeza amaoneka wochepa pomwe mwina m'thupi alimo. Ine nditamva izi ndinayamba kukayikira chiwerengero chathu chija, poti kwathu ndani amayezedwa magazi alibe malungo kapena chifuwa? Koma Blessings Likoswe ndi anzake anabwerezanso masamuwo mu 2020 mochotsera za matenda. Chiwerengero chinatsika, inde, koma chinakhalabe choposa theka la anthu. Vuto lilipo, sitingalithawe.

Pali malo amodzi pamene piritsi la zinki limapulumutsa moyo mosakayikitsa, ndipo ndi pa mwana wotsegula m'mimba. Mu 2004 mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza kuti mwana wotere apatsidwe ORS, Thanzi uja, pamodzi ndi zinki wa mamiligalamu 20 patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo khanda losakwana miyezi 6 theka lake. Kutsegulako kumatha msanga ndipo sikubwereranso kawirikawiri m'miyezi yotsatira. Koma onani kusiyana kwake: mlingo wodziwika, masiku owerengeka, kenako basi. Chimene tingachite ife ndi kuuza alongo athu pafoni kuti akapita kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo afunse zinki, ndipo amalize masiku onse ngakhale mwana ayambe kusewera tsiku lachitatu. Ambiri amasiyira panjira.

Kwinaku ntchito ikuchitika kumunda. Akatswiri a ku Bunda, monga Patson Nalivata, pamodzi ndi a University of Nottingham ndi Rothamsted kuno ku UK, anatola chimanga m'minda ya dziko lonse ndipo mu 2021 anaonetsa kuti michere ya m'njere imasiyana malinga ndi dothi la dera. Ayesanso fetereza wa zinki ku Chitedze, Chitala ndi Ngabu, ndipo zinki wa m'njere anakwera. Amene mumatumiza ndalama ya fetereza, funsani zolembedwa pathumba la NPK. Wakale uja wa 23:21:0+4S analibe zinki, pamene wa 23:10:5+6S+1Zn ali naye pang'ono. Ufa wa m'mafakitale nawo amathiramo michere, koma kunena zoona ndi angati kumudzi amagula ufa wa m'paketi? Anthu amapita kuchigayo ndi dengu lawo.

Ndinawafotokozera mayi aja zonsezi tikumwa tiyi, ndipo poyamba sanasangalale nane. Anati mapaundi awo apita kale, ndipo ine si dokotala. Zoona, si ine dokotala, ndimagwira ma shifiti ngati wina aliyense. Ndinangowapempha kuti akafunse wa ku pharmacy pa Victoria Road asananyamuke. Lolemba anandiimbira kuti mabotolo a 50 aja awatulutsa, m'malo mwake alowetsa majuzi awiri. Ati akafika apita okha kumsika wa Lilongwe kukagula ndowa ya usipa, chifukwa akatumiza mlamu wawo theka la ndalama lithera panjira.