Bambo akuti tikagone m'tenti ku Nyika, ine mtima uli m'mwamba

Amalume,

Ndine mayi wa zaka 29, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri, wamkulu wa zaka 7, wamng'ono wa miyezi 8. Chaka chatha amuna anga adagula galimoto ya mtundu wa RAV4 pangongole ya kuntchito, ndipo mpaka lero akuwadulabe pamalipiro. Tsopano alowa kagulu ka anzawo okonda kuyenda m'misewu ya kutchire ndi kugona m'matenti. Akonza ulendo wa masiku anayi wopita ku Nyika pa tchuthi cha 6 July, galimoto zisanu ndi imodzi, ndipo akuti tonse tipite, ndi ana omwe.

Vuto n'lakuti bambowa sadayendetsepo galimoto kunja kwa tala, kupatula kamsewu kolowera kumudzi kwathu. M'tenti sitidagonemo chibadwire. Ndikawafunsa amati ndine wamantha, anzawowo akudziwa zonse, koma kwa anzawowo akuchita manyazi kuulula kuti iwo ndi oyamba kumene. Kodi ndikane, kapena ndingotsatira? Sindikufuna kuwachititsa manyazi, koma ndikuopera ana.

Mayi wankhawa,
Area 25, Lilongwe

Zikomo mayi,

Mantha anuwo ndi a munthu wanzeru, musalole wina akuuzeni kuti ndi uchimidzi. Komanso bambowo musawanyoze. Abambo ambiri akagula galimoto amayenda okha, banja n'kumangomva fungo la petulo. Anuwa akufuna mukaone nawo dziko. Ulendo ndi wabwino, chofunika kukonza ndi manyazi awowo. Safunsa adadya phula.

Choyamba dziwani kumene mukupita. Nyika ndi nkhalango yosungirako nyama yaikulu kuposa zonse m'Malawi, ndipo idakhazikitsidwa mu 1965. Kuchoka ku Lilongwe mudzatsata msewu wa M1 mpaka ku Mzuzu, kenaka ku Rumphi, n'kukalowera pachipata cha Thazima. Kuchoka pa Rumphi boma kukafika ku Chelinda, komwe alendo amagona, ndi makilomita oposa 100, ndipo m'nkhalangomo msewu ndi wafumbi, wamiyala ndi zitunda. Chigawo chimenechi chokha chipatseni maola anayi kapena kuposerapo. N'chifukwa chake gulu lanzeru limagona ku Mzuzu kapena ku Rumphi, n'kulawirira m'mawa. Akakuuzani kuti "tinyamuka ku Lilongwe masana, tikafika lero lomwe," dziwani kuti pakonzedwe pali chibwana.

Kumtundako n'kokongola zedi. Kuli mapiri a udzu okhaokha, mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zikudya poyera. Koma Chelinda ali pamtunda wa mamita oposa 2,000, kuwirikiza kawiri pomwe pali Lilongwe. M'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira mpaka udzu kuchita mbuu ndi chisanu m'mawa. Apa ndiye pali yankho langa pa za ana. Wa zaka 7 angathe kupita, bola akhale ndi juzi, chipewa, masokosi ndi mabulangete okwanira, komanso matiresi oyala pansi, pakuti kuzizira kwambiri kumachokera m'nthaka. Koma khanda la miyezi 8 lisakagone m'tenti mu July. Likatentha thupi pakati pausiku, chipatala chachikulu chili ku Rumphi, maola angapo pamsewu woipa, ndipo netiweki ya foni kumeneko sungaidalire. Ngati mukufunitsitsa kupita nonse, lipirani chipinda ku Chelinda kuti inu ndi mwanayo mukagone m'nyumba. Ndalama ikavuta, ulendo uno apite bambo ndi wamkuluyo, inu mudzapite wa September kapena October kukafunda.

Chinthu chimodzi ndikuchenjezeni kolimba: mbaula ya makala isalowe m'tenti, ngakhale kuzizire bwanji. Makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wopanda fungo womwe umapha munthu ali m'tulo. Otherani moto panja, pogona muuzimitse ndi madzi. Udzu wa ku Nyika ukauma suchedwa kugwira moto.

Tsopano za galimoto. Bambo adziwe kuti RAV4 si Land Cruiser. Ilibe giya ija yamphamvu yolembedwa 4L, yomwe imakoka pang'onopang'ono pamtunda woipa, ndipo pansi pake si patali kwambiri ndi nthaka. M'chilimwe, ikayendetsedwa modekha, ingathe kufika ku Chelinda. Koma m'dzinja, kuyambira December mpaka April, kapena m'tinjira tina ta m'nkhalangomo, ntchitoyo ndi ya galimoto zikuluzikulu. Choncho mtsogoleri wa gulu ayenera kudziwa msanga mtundu wa galimoto yanu, komanso kuti woyendetsa wake ndi woyamba. Gulu lodziwa zinthu limaika munthu wachilendo pakati, kumbuyo kwa dalaivala wozolowera, kuti azitsata mmene mnzakeyo akupondetsera matayala. Lilinso ndi lamulo lakuti aliyense aziyang'anira galimoto ya kumbuyo kwake: pamphambano umadikira mpaka mnzako aonekere. Bambo akabisa, anzawo adzathamanga poganiza kuti onse n'ngofanana, iwo n'kumalimbana ndi fumbi kumbuyo. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.

Sabata ziwiri ulendo usanafike, galimoto ikaonedwe ndi makaniko: mabuleki, madzi a injini, oyilo, batire ndi matayala. Muonetsetse tayala la sipeya. Galimoto zambiri zogula ku Japan zimabwera ndi katayala kowonda kongofikitsa munthu pagalaja, ndipo pamiyala sikapirira. Pakhale sipeya yeniyeni, jeke, sipanala ya mawilo, pampu, fosholo, tochi ndi kathabwa koikapo jeke panthaka yofewa. Mafuta adzaze ku Mzuzu, aonjezere ku Rumphi, ndipo awerengere kupita, kuzungulira m'nkhalango ndi kubwerera. Msewu woipa umamwa mafuta kuposa tala.

Loweruka lina apemphe mnzawo wozolowera akawaphunzitse pamsewu wafumbi kufupi ndi kwanu. Zophunzira zake si zambiri. Potsika phiri aike giya yotsika kuti injini izigwira galimoto, chifukwa kuponda buleki mosalekeza kumatenthetsa mabuleki mpaka kuleka kugwira. Pamwala waukulu apondetsepo tayala, asaulowetse pakati pa galimoto pomwe ungaboole pansi pa injini. M'fumbi la mnzawo asalowemo, atalikire mpaka aziona msewu. Galimoto ikatitimira asapitirize kuponda moto, amangodzikumbira dzenje. Ndipo pokokana, chingwe chimangidwe pamalo ake okokera, osati pa kampira kachitsulo kokokera ngolo kaja. Kakathyoka kamauluka ngati chipolopolo, ndipo anthu afapo nako m'maiko ena. Nthawi yokokana inu ndi ana muime patali.

M'nkhalangomo muli malamulo. Galimoto imayenda m'misewu yokhazikitsidwa basi. Kudula pa udzu pofuna kuonetsa mphamvu ya galimoto n'kulakwa, ndipo mkwasa wa matayala pamapiri amenewo umatenga nthawi kuti ufafanizike. Kuli afisi ndi akambuku, choncho mwana asayende yekha kukada, ndipo zakudya zotsala zigone m'galimoto. Ngati gulu lipatukire ku Vwaza pobwerera, kumeneko n'kotentha, kuli udzudzu komanso ntchentche za kashembe zomwe zimafalitsa matenda a kaodzera. Tsekani mawindo, valani zamikono italiitali, ndipo wina akadzadwala mutabwerako mukawauze adokotala kumene mudapita.

Za ndalama musazilambalale. Khalani pansi ndi cholembera: mafuta, zolipira pachipata, malo omangapo tenti, chakudya, malo ogona panjira, ndi ina yapadera ya zogwa mwadzidzidzi. Tenti ndi zogonera bwerekani kwa anzanu a m'gulumo, musagule zatsopano musanadziwe ngati masewerawa mudzawakonda. Kumbukirani kuti September akubwera ndi fizi ya mwana. Funsaninso za inshuwalansi. Ngati ndi ija yotchipa yongolipira galimoto ya mnzako, yanuyi ikawonongeka kutchire mudzakonza ndi za m'thumba, ngongole ikudulidwabe.

Nanga bambo muwalankhule bwanji? Musayambe ndi mawu akuti "simungathe", mwamuna akamva zimenezo amatseka makutu. Sankhani nthawi yomwe mitima ili pansi, muwauze kuti ulendowo mwaukonda, ndipo mukufuna mukabwereko bwino kuti mudzapitenso. Kenaka apempheni kuti nonse awiri mukakumane ndi mtsogoleri wa gulu. Kumeneko mufunse: ndani adafikako kale? Mugona kuti tsiku loyamba? Ndani wanyamula bokosi la mankhwala ndi zida zokokera? Galimoto ina ikafa panjira, enawo adzatani? Kodi madalaivala amamwa ali paulendo? Funso lomalizali musaliope. Ngati mabotolo amatsekulidwa galimoto zisanaimikidwe madzulo, ana anu asakwere, ngakhale bambo akwiye.

Gulu labwino limakondwa munthu akanena kuti ndi woyamba, chifukwa aliyense wa iwo adayambapo. Likamuseka, limenelo si gulu loyenda nalo ndi banja.

Kwa inu abambo, ngati mukuwerenga tsamba lino: mkazi amene akufunsa mafunso otere ndiye woyenda naye kutchire. Mpatseni mpata aphunzireko kuyendetsa ndi kusintha tayala, tsiku lina mudzadwala muli kutali ndi tala. Imbirani mtsogoleri wanuyo sabata ino, mumuuze zoona, ndipo tentiyo muyambe mwayeserera kuimanga pakhomo panu Loweruka likubwerali, mugonemo usiku umodzi.

Amalume