Makina Aona Denga, Nanga Wogona Pansi Pake?

M'chaka cha 2021 anansi athu a ku Zambia analandira mapu atsopano a mzinda wa Lusaka amene sanajambulidwe ndi masaveya oyenda pansi ndi zipangizo zawo pa phewa. Bungwe loyeza malo la ku Britain, lotchedwa Ordnance Survey, mogwirizana ndi Unduna woona za maboma aang'ono m'dzikomo, linatenga zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga ndi kuzipereka kwa kompyuta imene inaphunzitsidwa kuzindikira denga, msewu ndi mtengo. Makinawo anasanthula dera la masikweya kilomita 420 ndipo anatola nyumba zoposa 300,000. M'chaka chomwecho kampani ya Google inatulutsa mndandanda wa nyumba zokwana 516 miliyoni za mu Africa muno, zimene makina ake anaziwerenga pa zithunzi za satelayiti. Izi ndizo nzeru za makina zimene masiku ano akuzitcha AI, ndipo zafika kale pa khomo la ofesi imene imakonza mapulani a mizinda.

Tinene poyera kuti ife sitikudana nazo nzeru zimenezi. Aliyense amene anagwirapo ntchito ku khonsolo adziwa chisoni cha ofisala wotumidwa kukaika mpopi m'dera limene pa mapu ake likuoneka ngati tchire, pamene anthu anamangamo zaka makumi awiri zapitazo. Mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu osakwana 20,000 m'chaka cha 1966. Bungwe la Capital City Development Corporation litakhazikitsidwa mu 1968, ndipo likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, anthu anayamba kukhamukira kumeneko, kotero kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318. Palibe ofesi ya mapulani imene ikanatha kuthamanga liwiro lotere ndi pensulo ndi rula. Tsono ngati pali chida chimene chingasonyeze Boma kumene anthu ali, chidacho tichilandire ndi manja awiri.

Komatu akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kameneka kamameta bwino m'dzanja la wodziwa, koma kamacheka khutu m'dzanja la wosasamala.

Kompyuta siona nyumba monga mmene inu ndi ine timaionera. Imapatsidwa zithunzi zikwizikwi zimene anthu anachongapo kuti apa pali denga, apa palibe, ndipo kuchokera pamenepo imayamba kulota yokha. Denga la malata lowala, lokhala ndi ngodya zinayi, ndiponso lotalikirana ndi linzake, silivuta. Koma akatswiri a Google eni ake anavomera kuti nyumba zomangidwa ndi dothi ndi udzu zimafanana ndi nthaka yozizungulira, ndi kuti m'madera othithikana nkovuta kudziwa pamene nyumba ina yathera ndi pamene ina yayambira. Taganizani tsono za Area 47 ndi Mtandire, madera oyandikana a mzinda umodzi. Ku Area 47 makina adzawerenga nyumba iliyonse ndi mpanda wake womwe. Ku Mtandire adzaona denga limodzi lalitali, osadziwa kuti pansi pake pali zitseko zisanu ndi chimodzi, ndipo kuseri kwa chitseko chilichonse kuli banja lolipira lendi. Ofisala akakhulupirira chiwerengero chimenecho ndi kugawa makiyosiki a madzi, zipinda za sukulu ndi magalimoto otola zinyalala molingana nacho, ndiye kuti wosauka walandidwa gawo lake popanda munthu wina aliyense womuchitira nkhanza mwadala. Ndipo akadzadandaula adzauzidwa kuti makina ndiwo anawerenga.

Mawu akuti makina ndiwo anena ndi amene tiyenera kuwaopa koposa. Kale munthu akamanidwa puloti ankadziwa khomo lokagogoda. Ankapita kwa amfumu kapena kwa wapampando wa nthambi, iwowo nkumuperekeza kwa mkulu wa khonsolo, ndipo mkuluyo ankayenera kufotokoza chifukwa chake maso ndi maso. Nthawi zina chifukwacho chinkakhala chopanda pake, inde, koma chinali ndi mwini wake. Kompyuta siingaitanidwe pa msonkhano wa pansi pa mtengo. Siichita manyazi, siichotsedwa ntchito, ndiponso nthawi zambiri ngakhale amene anaipanga satha kulongosola bwino njira imene inayenda kuti ifike pa yankho lake. Wogwira ntchito m'Boma amene abisala kumbuyo kwa chida chotere wataya udindo umene anaulumbirira.

Pali chinanso. Mapu amene asonyeza nyumba zonse zomangidwa popanda chilolezo angathe kutsogolera paipi ya madzi, koma angathenso kutsogolera katapila. Mu May 2005 Boma la Zimbabwe linayamba ntchito yogwetsa nyumba ndi misika yosavomerezeka, imene inatchedwa Murambatsvina. Mayi Anna Tibaijuka, amene bungwe la United Nations linawatuma kukafufuza, anapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena njira yopezera chakudya. Ena mwa madera okhudzidwa, monga Mbare mu Harare, ndi kumene kumakhala abale athu ambiri amene makolo awo anachokera kuno. Zonsezi zinachitika popanda thandizo la AI. Tsono tidzifunse kuti ntchito ngati imeneyi ingafulumire motani mwini wake atakhala ndi mndandanda wa denga lililonse pa tebulo. Chidacho chilibe mtima woipa, koma chimawonjezera mphamvu kwa amene ali nazo kale, ndipo nchifukwa chake cholinga cha kuwerenga nyumba chiyenera kunenedwa poyera kuwerengako kusanayambe.

Ngakhale maiko olemera apunthwa pa mwala womwewu. Mu October 2017 bungwe la Waterfront Toronto ku Canada linasankha kampani ya Sidewalk Labs, ya banja limodzi ndi Google, kuti ikonze dera la maekala 12 lotchedwa Quayside, m'mene zipangizo zinayenera kumalemba kayendedwe ka anthu ndi magalimoto, zinyalala ndi magetsi usana ndi usiku. Patangotha chaka, Mayi Ann Cavoukian, amene kale anali mkulu woteteza zinsinsi za anthu m'chigawo cha Ontario, anatula pansi udindo wawo wa ulangizi chifukwa sanatsimikiziridwe kuti onse olandira uthengawo adzafufuta zizindikiro za eni ake. Mu June 2019 kampaniyo inatulutsa pulani ya masamba oposa 1,500 imene inakuza dera lofunidwa kufika pa maekala 190. Mu May 2020 inasiya ntchitoyo, ponena kuti mliri wa Covid-19 wasokoneza chuma, koma nkuti nzika za mzindawo zitakhala kale zaka ziwiri zikufunsa funso limodzi losayankhidwa bwino: kodi zimene makina alemba za ife, mwini wake ndani? Ngati Toronto, ndi maloya ake onse, anavutika kusunga chingwe m'manja, khonsolo yathu imene ikusowa ndalama za mafuta a galimoto idzalimba bwanji pamaso pa kampani yobwera ndi mphatso?

Kwa inu atsogoleri a m'madera ndi inu ogwira ntchito m'Boma, pempho lathu ndi lapafupi. Malamulo tili nawo: lamulo la mapulani a malo la 2016, ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024. Chotsala ndi mwambo pa kagwiritsidwe kake. Mapu aliwonse ojambulidwa ndi makina asagwiritsidwe ntchito asanayendetsedwe pansi, khomo ndi khomo, pamodzi ndi amfumu ndi makomiti a chitukuko a m'deralo, chifukwa iwowo ndiwo adziwa kuti kamalo kooneka kopanda kanthu pa chithunzi ndi manda, kapena bwalo la ana, kapena njira imene madzi amadzera mu February. Pepala la mgwirizano ndi kampani iliyonse linene mosapsatira kuti mapu ndi ziwerengero ndi za khonsolo, ndipo kuti sizidzagulitsidwa kwa amalonda a malo. Ndipo chigamulo chilichonse chokhudza nyumba ya munthu chikhale ndi dzina ndi siginecha ya ofisala amene angafunsidwe.

Tisaiwale za Chilobwe. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche mu Blantyre, nakwirira nyumba zimene zinamangidwa m'malo otsetsereka, ndipo mabanja ambiri anathera pomwepo. Apa ndi pamene makina angatithandize kwenikweni, poyerekeza kutsetsereka kwa phiri, mtundu wa dothi ndi kuchuluka kwa mvula, ndi kutisonyeza nyumba zimene zili pangozi mvula isanagwe. Koma anthu amene anamanga m'phirimo ankaliona ndi maso awo tsiku ndi tsiku. Anamangamo chifukwa puloti ya pansi inali yodula, ndipo ntchito yawo inali ku Limbe ndi ku Ginnery Corner. Choncho ofisala amene adzabwere ndi mapu okhala ndi mizere yofiira, asanachonge nyumba ya munthu ndi utoto, abwerenso ndi pepala lachiwiri losonyeza puloti imene banjalo lidzapite, mtunda wake kuchokera ku msika ndi ku sukulu, ndiponso tsiku limene madzi adzafike kumeneko.